Mbande za mpunga zachita chikasu pa nazale: kodi ndithire yuriya?

Funso:

Ndine mayi wa ku Mambwe, cha kwa Jumbe, kum'mawa kwa Zambia. Chaka chino ndaganiza zowokera mpunga m'malo momwaza monga tinkachitira kale, ndiye ndinafesa mpunga wa mtundu wa Supa pa nazale m'mphepete mwa dambo. Lero ndi tsiku la 16. Mbande zanga n'zazifupi ndipo masamba a m'munsi achita chikasu. Alamu anga anathira yuriya pa tsiku lachisanu, zawo zatalika ndipo zabiriwira mpaka kuda bii. Ndili ndi thumba limodzi la D Compound ndi limodzi la yuriya, ndipo munda wokawokeramo ndi lima imodzi (gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala). Kodi nditsegule thumba la yuriya ndithire pa nazale? Nanga ndithire wochuluka bwanji?

Yankho:

Amayi, thumbalo mutha kulitsegula, koma zimene mutapemo zisapose kilo imodzi. Musanalimasule, yambani mwapita ku nazale m'mawa, muzule mbande zisanu kapena zisanu ndi imodzi m'malo osiyanasiyana, muzitsuke mizu, mukhale nazo pansi pamthunzi. Zambiri zimene ndikuuzeni pano muziona ndi maso anu pa mbande zimenezo.

Yambani ndi kutsinde. Khoko la njere lija likadali lomatirira pamenepo. Lifinyeni ndi zala. Mbande ikakhala ya masiku asanu, m'khokomo mumatuluka toyera tonga phala, koma ikadutsa milungu iwiri mumapeza mulibe kanthu. Njere ya mpunga imabwera ndi kamba wake wa paulendo. Choyera chimene timadyachi mpunga unasungira mwana wake, ife timangolanda, ndipo n'chokwanira kumufikitsa cha pa tsamba lachitatu. Kufikira pamenepo mbande siidalira kwenikweni za m'nthaka. Mutha kumeretsa mpunga pa mchenga wotsuka kapena pa chiguduli chonyowa, umera bwinobwino. Kamba akatha m'pamene nthaka imayamba kuonetsa mtima wake. Zanu zili pa tsiku la 16, ndiye kuti zangoleka kumene kuyamwa, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti mwana wongoleka bere amayamba waonda kaye. Chikasu mukuonacho chabwera pa nthawi imene ine ndikanachiyembekezera.

Yuriya amapatsa mbewu chinthu chimodzi basi, nayitrojeni. Nayitrojeniyu ndiye amamanga kubiriwira kwa tsamba pamodzi ndi mapuloteni amene amagwira mpweya n'kuusandutsa shuga dzuwa likamawala. Gawo lalikulu la nayitrojeni wa m'tsamba limakhala pa ntchito imeneyo. Akachepa, mbewu imapanga shuga wochepa, masamba amatuluka aang'ono ndi oongoka, ndipo kukula kumayenda mwaulesi. Koma mpunga uli ndi nzeru yake. Umaphwasula tsamba lakale, n'kutengamo nayitrojeni kupita naye ku tsamba latsopano, monga mayi amene amatapa ndiwo m'mbale yake kuikira mwana. N'chifukwa chake njala ya nayitrojeni imayambira pa masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga kutsikira kutsinde, pamene tsamba lapakati likadali lobiriwirako. Mwanena kuti chikasu chili m'munsi. Mawu amenewo ndi amene andipatsa mphamvu yovomera kilo imodzi ija.

Tsopano onani mizu, ndipo ngati mumamvana bwino ndi alamu anu, apempheni mbande zitatu kuti muyerekeze. Ndikukayika ngati mungapeze zosiyana ndi izi: zanu zili ndi mizu yaitali, yopyapyala, yoyera, pamene zawo zili ndi masamba ambiri pamwamba koma mizu yaifupi poyerekeza ndi msinkhu wake. Mbewu ili ndi nkhokwe imodzi ya shuga ndipo imasankha kopita naye. Nayitrojeni akamavuta kupeza, imatumiza shuga ku mizu kuti italike ikafunefune. Akachuluka pafupi pomwepo, mizu siivutika kupita patali, ndipo shuga amathera pa kupanga masamba atsopano ofewa, odzaza madzi. Pa nazale zimenezi zimakoma m'maso, anthu odutsa pa njira amaima n'kuyamikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lozula, mizu yambiri imaduka, ya wina aliyense. Mbande imene yawokeredwa iyenera kutulutsa mizu yatsopano kutsinde, ndipo imachita zimenezo ndi chakudya chimene inasunga m'tsindemo. Mbande yaitali yofewa imataya madzi ambiri kudzera m'masamba pamene ilibe mizu yomwera, choncho imafota, imagona m'matope, ndipo imatha masiku ambiri isanadzuke.

Musamve ngati ndikuyamikira njala. Mbande yoonda kwambiri nayo imachedwa kugwira, pakuti mizu yatsopano imafunanso nayitrojeni. Imene timafuna ndi yapakati: ya masamba anayi kapena asanu, yotalika ngati chikhatho ndi theka, tsinde lonenepa ndi lophwatalala pang'ono, masamba olimba oti mukapititsapo dzanja amabwerera, mtundu wobiriwira mopepuka. Mbande yotere mukaiwokera lero, pakatha masiku anayi kapena asanu yaima njo.

Pali chinanso chimene chimachitika kutsinde chomwe alimi ambiri sachiona, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa mtundu wa masamba. Pa mfundo iliyonse ya tsinde pali diso limene lingathe kuphuka n'kukhala mwana, ndipo mwana aliyense wamphamvu ndi ngala imodzi pokolola. Katswiri wina wa ku Japan dzina lake Katayama anaonetsa kuti masamba ndi ana amatuluka motsatana: tsamba lachinayi likamatuluka, diso la pa tsamba loyamba limakhala lokonzeka kuphuka, lachisanu likamatuluka, la pa tsamba lachiwiri, n'kumapita choncho. Diso lililonse lili ndi nthawi yake. Nthawiyo ikafika mbande ilibe nayitrojeni wokwanira, kapena yapanikizika ndi zinzake moti dzuwa silifika kutsinde, disolo limangogona ndipo kawirikawiri silidzukanso. Ana oyambirirawa ndi amene amabereka ngala zazikulu. Akuluakulu akamati mmera m'poyamba, pa mpunga tanthauzo lake lenileni ndi limeneli. Ndiye mlimi amene amasunga mbande pa nazale masiku 40 podikira kuti zitalike, ataya kale ana atatu kapena anayi pa mbande iliyonse asanaponde n'komwe m'munda, ndipo yuriya wothira pambuyo sangawabweze.

Apa ndikufunseni: munafesa mothithikana bwanji? Nazale zambiri zimene ndimaona kuno kum'mawa vuto lake loyamba ndi limeneli. Munthu amakhuthulira ndowa yonse ya mbewu pa kamalo kofanana ndi mphasa ziwiri, mbande n'kumera ngati tsitsi. Nthaka ingakhale yachonde, nayitrojeni wake akagawidwa kwa ana ochuluka chotero aliyense amalandira kochepa. Lima imodzi imafuna mbewu yokwana makilo 10 kapena 12, yofesedwa pa malo okwana ngati mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, ogawidwa m'mabedi oti dzanja lifike pakati. Ngati yanu ndi yopanikizana kuposa pamenepo, mankhwala ake ndi kuwokera msanga.

Musanathire kanthu, tsimikizani kuti chikasucho ndi cha nayitrojeni, chifukwa m'madambo athu muli zinthu zingapo zimene zimavala malaya ofanana. Ngati masamba atsopano a pakati ndiwo ayera pamene a m'munsi ali bwino, imeneyo ndi nkhani ina. Kawirikawiri imakhala njala ya chakudya china cha mbewu chotchedwa salufa, amene mbewu siitha kumusamutsa mosavuta kuchoka ku tsamba lakale, kapena njala ya ayironi ngati nazale ili pouma pamene munatenthapo zinyalala n'kusiya phulusa lambiri. Yuriya alibe salufa, D Compound ali naye. Ngati masamba a m'munsi ali ndi timadontho tofiirira toyambira kunsonga, tsamba lonse n'kumaoneka ngati dzimbiri, mizu yodera ndi yonunkha, ndipo pamwamba pa madzi pakuyandama zonga mafuta zofiirira, ndiye kuti ayironi wachuluka mopitirira. Zimenezi zimachitika m'madambo amene madzi amangokhala osayenda, ndipo chofunika ndi kukumba ngalande kuti madzi akale atuluke, nthaka ipume. Pomaliza, kumbukirani zimene munaika pa bedi pokonza. Mankhusu a mpunga, utuchi, mapesi a chimanga kapena manyowa a m'khola osawolerana amabweretsa chikasu ngakhale pa nthaka yabwino, chifukwa tizilombo timene timawoletsa zinthuzi timadya nayitrojeni yemweyo ndipo tizilomboti timayamba kudya mbande isanafike. Chikasu cha mtundu umenewu yuriya pang'ono amachithetsa.

Tinene kuti mwaona zonsezi ndipo ndi njala ya nayitrojeni basi. Kathiridwe kake n'kofunika kuposa kuchuluka kwake. Yuriya akagwa pa nthaka yonyowa amasungunuka, ndipo pakapita masiku ochepa amasanduka amoniyamu, mtundu wa nayitrojeni amene mpunga umamukonda ndipo dothi la makande limamugwira kuti asathawe. Koma mukamwaza yuriya m'madzi oima, dzuwa lili phwee, wambiri amasanduka mpweya wa amoniya n'kuuluka. Wina amasanduka nayitireti, mtundu winanso wa nayitrojeni, pa kachikopa ka pamwamba pa matope pamene pali mpweya, akatsikira pansi pamene palibe mpweya tizilombo timamusandutsanso mpweya, n'kupita. Wina amangotsagana ndi madzi osefukira kumka ku mtsinje wa Lupande. Pa minda ya madzi imene yuriya amamwazidwa chisawawa, mpunga umatola mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mlimi wagula. Yuriya wa alamu anu wa pa tsiku lachisanu anagwa pamene mizu inali isanathe kutola zambiri. Wotsala pang'onoyo ndiye watalikitsa mbande zawo, wina yense analowa m'dambo.

Inu chitani motere. Tsekulani madzi atuluke mpaka patsale matope onyowa. Dikirani mame aume pa masamba, chifukwa kambulu ka yuriya kakamatirira pa tsamba lonyowa kamawotcha, ndipo musathire kumwamba kutachita mdima wa chimvula. Pa nazale ya mamita 10 ndi 10, yezani kilo imodzi, ndiye kuti magalamu 10 pa mita imodzi ya mbali zonse. Ioneka yochepa zedi m'manja, choncho isakanizeni ndi mchenga wouma wokwana mbale zitatu kapena zinayi kuti imwazike mofanana. Mukatha, thirirani pang'ono ndi kheni kuti atsike pa masamba alowe m'dothi, ndipo madzi muwabwezere mawa lake kapena mkuja. Ngati nazale yanu ndi theka la malo amenewo, thirani theka la kilo. Musaione kuchepa: mukaiwerengera pa hekitala, kilo imodziyo ikufanana ndi matumba awiri a yuriya.

Nthawi nayo ikukuthamangitsani. Mbande za Supa ziyenera kuchoka pa nazale pakati pa tsiku la 21 ndi la 25, ndipo yuriya ayenera kugwa kutatsala mlungu umodzi kuti muzule, kuti mbande imutole koma isafike pofewa. Ndiye ndi lero kapena mawa. Tsiku la 18 likadutsa, musathirenso. Ndipo ngati munda wanu ndi wokonzeka kale, matope osalazidwa, migula yomangidwa, mbande zili ndi masamba anayi, ine ndikanangowokera osathira kanthu pa nazale. Mbande yanthete imagwira msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Ku Madagascar wansembe wina wa ku France, Henri de Laulanié, anayambitsa m'zaka za m'ma 1980 njira yowokera mbande zosakwana n'komwe masiku 15, imodzi pa phando, ndipo njirayo yafala m'maiko ambiri. Sindikukuuzani kuti muitsatire chaka chino, chifukwa imafuna munda umene madzi ake mumawalamula inu. M'dambo lodalira mvula, chimvula chimodzi cha mu Januwale chitha kumiza timbande totere. Koma ikutiphunzitsa kuti kufupika kwa mbande si matenda.

Nayitrojeni wochuluka amafunika m'munda, ndiye tiyeni tiwerenge matumba anu. Yuriya ali ndi nayitrojeni 46 pa 100, choncho thumba la makilo 50 lili ndi makilo 23. D Compound ndi 10, 20, 10, ndiye kuti thumba lake lili ndi makilo 5 okha a nayitrojeni, koma ndi amene ali ndi fosifolasi wokulitsa mizu, potaziyamu wolimbitsa phesi, ndi salufa uja. Kuti mpunga ubereke tani imodzi, matumba 20, umatola nayitrojeni wokwana makilo 15 mpaka 20, ndipo gawo lina nthaka imapereka yokha. Supa ndi mpunga wautali wa phesi losalimba kwenikweni. Timaukonda chifukwa cha fungo lake, ndipo msika umaufuna, koma ukadya kwambiri umatalika n'kugwa ngala zisanakhwime, njere n'kuwolera m'madzi. Pa lima imodzi ya Supa, thumba lonse la D Compound ndi theka la thumba la yuriya n'zokwana. Theka linalo kathireni chimanga. Mukanakhala kuti mwabzala mtundu waufupi, kapena mpunga wa kumtunda wotchedwa NERICA 4, ndikanalola wochulukirapo.

Ndikuchenjezeninso za malo. Nthaka ya m'chigwa cha Luangwa, imene madzi osefukira amasiyapo dothi latsopano chaka ndi chaka, ndi yosiyana kwambiri ndi madambo a mchenga a kumtunda cha ku Chipata ndi Katete. Mpunga wa ku Chama unatchuka alimi ambiri akulima osathira fetereza n'komwe. Kwa Jumbe kuli nthaka za mitundu yonse iwiri. Ngati munda wanu ndi wa dothi lakuda limene mpunga wake umagwa zaka zina popanda kuthira kanthu, chepetsaninso yuriyayo.

D Compound alowe m'matope pokonza munda, tsiku lowokera kapena dzulo lake. Wokerani mbande ziwiri kapena zitatu pa phando, masentimita 20 mbali zonse, osazamitsa. Kuzamitsa kumakwirira maso aja ndipo ana amachedwa kutuluka. Theka la thumba la yuriya ligaweni pawiri. Gawo loyamba ligwe pakatha milungu iwiri kapena itatu mutawokera, mutapalira kaye, chifukwa udzu umatola yuriya mwachangu kuposa mpunga. Limeneli ndi lobereketsa ana. Gawo lachiwiri ligwe pamene ngala ikuyamba kupangika m'kati mwa phesi, pafupifupi mwezi umodzi isanatuluke, pakuti pamenepo m'pamene mbewu imaganiza kuti ngala ikhala ndi njere zingati. Musadalire kalendala yokha. Dulani phesi lalikulu la pakati pa phando, mulicheke m'litali ndi lezala, muyang'ane pamwamba pa mfundo yomaliza. Mukaona kanthu koyera konga kathonje, kochepa ngati mutu wa singano, nthawi yakwana. Yuriya wothira ngala zitatuluka kale amachedwetsa kukhwima ndi kuitana matenda.

Za alamu anu, auzeni mwaulemu kuti asawonjezere fetereza, achepetse madzi pa nazale kwa masiku angapo kuti mbande zilimbe, ndipo awokere msanga. Aziyang'ananso masamba m'mawa uliwonse. Tsamba lofewa lodzaza nayitrojeni ndilo limagwidwa msanga ndi chiwawu cha mpunga, makamaka masiku a mitambo ndi mame ambiri. Chimayamba ngati timadontho, kenaka mabala osongoka mbali zonse ziwiri ngati diso, otuwa pakati ndi ofiirira m'mphepete. Pa nazale yothithikana chimayenda ngati moto wa lupsa. Mbande zikakhala zatalika mopitirira moti zikugwa zokha, atha kudula nsonga za masamba pozula, ngakhale ine sindichikonda kwenikweni chifukwa bala lililonse ndi khomo la matenda.

Chaka chamawa nazale yanu isadzafunenso thumba. Sankhani malo amene madzi amalowa ndi kutuluka, ndipo kutatsala milungu itatu kapena inayi kuti mufese, sakanizanimo manyowa owolerana, aja asanduka dothi lakuda losanunkha. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu, ikani zochepa ndipo zikhale zakale. Masamba a gliricidia, mtengo umene a bungwe la COMACO afalitsa kwambiri kuno, amawola msanga ndipo ali ndi nayitrojeni wochuluka. A jelejele nawonso, amene akatswiri a pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera ku Chipata anawafufuza kwa zaka zambiri pa nkhani yobwezera chonde m'minda ya chimanga. Manyowa amatulutsa nayitrojeni pang'onopang'ono, ndipo amayamba kupezeka bwino cha pa nthawi imene kamba wa njere akutha.

Pothira kilo imodzi ija, siyani kachigawo kamodzi kumapeto kwa bedi osathira, muzikepo kamtengo. Pakatha masiku anayi kapena asanu yerekezani. Masamba amene achita kale chikasu sabwerera, musawayang'ane. Yang'anani tsamba latsopano la pakati. Likatuluka lobiriwira kuposa la kuseri kwa kamtengo, ndiye kuti inalidi njala ya nayitrojeni ndipo mutha kuzula pa tsiku la 23 kapena 24. Likakhala chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, musawonjezere yuriya. Zulani mbande zingapo ndi mizu yake ndi dothi lake, muzikulunge m'pepala lonyowa, mupite nazo kwa alangizi a zaulimi a pa kampu yanu, ndipo mukawauzenso mtundu wa madzi a m'dambomo ndi zimene munaika pa bedi pokonza.